Galu Amene Anapulumuka Jakisoni

Panali munthu wina kumapeto kwa tauni amene ntchito yake inali yosamalira agalu otoledwa m'misewu. Malowo anali ndi makola makumi atatu, ndipo onse ankakhala odzaza. Agalu ankabwera ndi mphere, ena ndi mabala a tcheni m'khosi, ena atathiridwa madzi otentha. M'mawa uliwonse iye ankatsuka makola, kuphika phala la madeya losakaniza ndi bonya, kuchotsa nkhupakupa m'makutu, ndi kupaka mankhwala pa zilonda. Anzake ankamuseka kuti amuna anzake akulera ana, iye ali kalikiliki kulera agalu. Ankangopitiriza ntchito yake, ndipo ine ndimati ankachita bwino.

Luso lake lenileni linali loweta agalu olusa. Galu woluma akabwera, iye ankakhala pansi pafupi ndi khola, atafulatira, osamuyang'ana, osamuitana. Mawa lake chimodzimodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita masabata galu uja ankayamba kununkhiza malaya ake, ndipo ukali unkatha pang'onopang'ono.

Tsiku lina anthu anabweretsa galu wotuwa atamukulunga m'thumba. Mwini wake wakale anamulera m'kabokosi ka matabwa kuyambira ali kamwana, osaona dzuwa, osaona munthu, kuti adzakhale woopsa. Mphere zitamugwira anamutaya kudzala. Wosamalira uja anamutcha dzina loti Phulusa. Galuyo anamuluma kawiri, koma iye sanatope. Panapita miyezi isanu, ndipo Phulusa anasanduka galu wofatsa kuposa onse. Ankatsatira munthuyo khola ndi khola pamene ankatsuka, ndipo nkhuku zinkatola madeya m'mbale yake iye akungoyang'ana. Munthuyo anamukonda kwambiri galu ameneyu.

Koma pamalopo panali lamulo. Galu akatha chaka popanda womutenga, dokotala wa ziweto ankabwera kudzamubaya jakisoni wogonetsa mpaka kalekale. Sinali nkhanza ayi. Pageti pankafika agalu atsopano sabata iliyonse, ndipo makola sankaswana. Wogwira galu pobayidwa anali wosamalira yemweyo, ndipo wokumba dzenje kuseri kwa mpanda analinso iye.

Anthu ankabwera ndithu kudzasankha agalu. Ambiri anali oti akuba anawaberapo, mitima ili m'mwamba, ndipo funso lawo linali limodzi, ngati galuyo amaluma. Akafika pa khola la Phulusa, iye ankagwedeza mchira n'kugona chagada. Iwo ankaseka. Mayi wina anati galu wotere akhoza kuthandiza akuba kusenza katundu n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Akatero ankapitirira, n'kusankha galu wobwera kumene, amene anali asanawetedwe. Wosamalira uja anaona zimenezi kambirimbiri, ndipo mochedwa anazindikira chinthu chowawa: agalu amene iye anawachiza bwino ndi omwe ankathera kudzenje.

Chaka cha Phulusa chitatsala mwezi umodzi, munthuyo anapita kwa dokotala, mayi wachikulire amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri. Anapempha kuti galu mmodzi yekhayu amusiye. Anafotokoza kuti akanamutenga yekha, koma ankakhala m'kachipinda ka lendi komwe eni nyumba sankalola ngakhale mphaka. Dokotala anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva bambo," anatero. "Ndikamusiya uyu, ndibaye uti? Lozani khola inuyo."

Munthuyo anayang'ana makola onse aja ndipo analephera kuloza. Anayenda kwa abale, kutchalitchi, kwa anansi, kufunafuna womutenga galu wofatsa. Aliyense ankati akanakhala wolusa bwenzi atamutenga dzulo.

Tsono anachita chimene ndikufuna kuti mumve. Kuseri kwa chipinda chosungira madeya kunali kabokosi kakale ka matabwa kofoleredwa ndi lata. Anatenga Phulusa, amene anamutsatira mchira uli m'mwamba, n'kumutsekera m'menemo. Unali mwezi wa Okutobala, lata likuotcha. Anamumana chakudya masiku awiri, ndipo lachitatu anamupatsa phala la tsabola. Ankamenya latalo ndi mtengo, n'kumamugwaza ndi ndodo kudzera m'mipata ya matabwa. Njira yake ankaidziwa bwino, pakuti zaka zonsezi ankachotsa agalu mu ukali woterewu.

Masiku oyamba, galu akamva mapazi ake, mchira unkamveka ukugunda matabwa. Munthuyo ankalira, n'kumenyabe. Ankadziuza kuti galu wamoyo wolusa aposa galu wabwino wa m'dzenje. Kenako mchira unaleka kumveka. Ntchito ya miyezi isanu inagumuka m'masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Atamubwezera m'khola lake, kunabwera bambo wina wachigayo amene akuba anali atamuthyolera kawiri. Phulusa atamuona analumphira waya mano ali pamtunda, thovu lili kukamwa. Bambo uja anabwerera m'mbuyo akumwetulira, nati ameneyu ndiye galu. Anamumanga pakamwa, namukweza pagalimoto. Kunali kutatsala masiku atatu kuti jakisoni afike.

Dokotala atabwera anapeza m'kholalo muli kale galu wina. Anali atamva kwa anthu mmene Phulusa anachokera.

"Munamutani galu uja?"

"Ndinamupulumutsa, mayi."

Dokotala anatsekula chikwama chake, nafunsa ngati panali wina amene chaka chake chakwana.

Chigayo chija chinali m'njira imene munthuyo ankadutsa popita kuntchito. Tsiku ndi tsiku ankamva tcheni chikukwekwereza pa simenti kuseri kwa mpanda. Anapirira miyezi iwiri. M'mawa wina mtima unamugonjetsa, ndipo anaima pageti, nasuzumira pa mpata, naitana dzina la galuyo motsitsa. Phulusa anadzuka n'kuthamangira geti ndi mphamvu zake zonse. Tcheni chinamukoka n'kumugwetsa chagada. Anadzuka, nathamanganso, nagwanso, mpaka khosi linayamba kutuluka magazi. Mlonda wa pachigayopo anatuluka nauza munthuyo kuti achoke msanga, chifukwa galu ameneyu sadziwa munthu.

Phulusa anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi pa tcheni chomwecho, ndipo akuba sanabwerenso pachigayo. Wosamalira uja anasintha njira yopitira kuntchito. Anapitiriza kutsuka makola ndi kuphika phala mpaka anakalamba, koma sanawetenso galu wolusa ndi mmodzi yemwe. Ankati sakudziwanso ngati kutero n'kuchiza kapena kupha.

Inu makolo, ndi inu aphunzitsi anzanga, fanizoli ndi lathu. Muli naye mwana wofatsa, uja amagawa chakudya chake chonse, uja amalira akaona mnzake akumenyedwa. Mumamuyang'ana n'kuchita mantha kuti dziko lidzamudya wamoyo. Sindikunyengani, dziko lake ndi lotero, ndipo ilo likafika pakhomo silifunsa ngati mwana ndi wabwino. Ndiye mumayamba kumuumitsa mtima. Mumamunyoza akalira, mumamuseka akakhululuka, mumamuuza kuti wokuponda chala um'ponde khosi, ndipo zonsezi mumachita chifukwa chomukonda.

Choopsa n'chakuti zimatheka, ndiponso sizichedwa. Mwanayo adzalimba, adzapeza malo ake, anthu adzamuopa. Ine njira ina yotsimikizika ndilibe, ndipo sindidziwa kuti ndikanakhala munthu uja ndikanatani. Chimene ndikudziwa n'chimodzi chokha. Dzanja lanu likagwira chitseko cha kabokosi kaja, muyambe mwamuyang'anitsitsa mwanayo, mum'tsanzike, chifukwa amene adzatulukemo si amene munkafuna kupulumutsa.