Bwato Lopanda Wokapa Madzi

Panali munthu wina amene ankakhala m'mbali mwa mtsinje waukulu, ndipo ndiye ankawongolera bwato la mudzi wawo. Chaka chilichonse nthawi ya masika, mapira atacha, madzi atayamba kuphwa, midzi ya tsidya lino ndi tsidya lija inkachita mpikisano wa mabwato. Opambana ankatenga ng'oma yaikulu n'kukaisunga kwawo. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri ng'omayo inkangolira kutsidya. Akazi akumeneko akamatunga madzi ankafuula kuti, "Inu a tsidya ilo, chimene mumapalasacho ndi bwato kapena mtondo?"

Mwa mwambo, m'bwato munkakhala anthu asanu ndi mmodzi a nkhafi, ndi wina mmodzi wokapa madzi. Wokapa wa bwato ili anali atsibweni ake a munthu uja, nkhalamba yosalankhulalankhula. Sankapalasa, sankaimba. Ankangokhala pakati, mutu pansi, chikho m'manja.

M'mawa wa mpikisano, munthu uja anayang'ana bwato, nayang'ana nkhalambayo. Mumtima anati: zaka zonsezi takhala tikunyamula thumba la mchenga.

"Atsibweni, lero mupume. Mutionere pamtunda."

"Nanga madzi, mphwanga?"

"Aa, timadzi timeneto? Tikafika tisanadzaze n'chikho chomwe."

Lipenga litalira, bwato lija linayandama mopepuka ngati nthenga ya kakowa. Anzawo onse anatsala m'mbuyo. Pamtunda nthungululu zokhazokha. Koma nkhafi iliyonse ikatuluka m'madzi inkasiya dontho m'bwato. Dontho, dontho. Madzi anafika m'zidendene, anafika m'akakolo. Palibe anayang'ana pansi, poti maso onse anali kutsogolo. Atafika pamene mtsinje umakhota, pakuya pomwe madzi amazungulira, bwato linapendekeka pang'ono chabe. Madzi a m'katimo anathamangira mbali imodzi, bwato n'kutembenuzika.

Asanu anasambira n'kutuluka. Wachisanu ndi chimodzi, Zuze, mng'ono wake wa munthu uja, anamupeza tsiku lachitatu m'mabango.

Pamaliropo nkhalamba ija sinadzudzule munthu. Inangoti, "Madziwo ndinkawaona ndili pamtunda. Manja angawa ankangokapa okha, m'mwamba."

Chaka chotsatira mapira anachanso, koma palibe mudzi umene unakankhira bwato m'madzi.

Abale ndi alongo, tandimasulirani ichi: ndani amagwira ntchito tsiku lililonse, koma ntchito yake n'kuoneka pa tsiku lokhalo limene iye palibe? Mumpingo muno muli anthu osapalasa. Sakwera paguwa, m'kwaya mulibe mawu awo, ena ngakhale kuyenda amachita kuwagwira dzanja. Amangowerama n'kumatchula mayina athu kwa Mulungu, limodzi limodzi. Ife othamangafe timawaona ngati katundu. Koma timachimo tathu timalowa m'nyumba ino dontho dontho, ife osaona, ndipo amene amawakapa ndi iwowo. Musawatsitsire pamtunda. Tsiku limene tidzapepukidwe chifukwa iwo palibe, dziwani kuti pokhota payandikira.