Mabawuti a Injini ya a Zidana

Kalekale, masiku amene makaniko aliyense wa mu Ndirande ankadziwika ndi dzina, kunali bambo wina, a Zidana, amene anali ndi garaja kuseri kwa msika. Bamboyu anali ndi kagalimoto kofiira kochokera ku Japan, ka injini yachilendo yopanda mapisitoni, yokhala ndi zitsulo za nsonga zitatu zozungulira m'kati. Injini yamtunduwu imasanjikizidwa ngati mbale, ndipo chimene chimapana mbalezo kuti madzi asalowe kumoto ndi mabawuti aataliatali obooleza kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Ukawamanga mopitirira amatamuka, ukawamanga mochepa injini imamwa madzi ake omwe. N'chifukwa chake a Zidana ankamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu, ija imalira kuti kha! muyeso ukakwana.

Atamwalira anasiya mkazi wawo, a Nambewe, ndi ana atatu, onse amakaniko: Levisoni woyamba, Edina wachiwiri, ndi Matiyasi chitsiriza. Ntchito ankaidziwa, ndisaname. Koma kukhulupirirana kunawavuta. Wina akasowa sipanala sankasuzumira pansi pa galimoto, ankayamba wayang'ana nkhope ya m'bale wake.

Nthawi yovundukula chiliza kumudzi ku Ntcheu itayandikira, a Nambewe anaitana anawo.

“Abale a bambo anu akuti galimoto ija ndinagulitsa,” anatero. “Ndikufuna ndikatsike m'menemo iwo akuona. Ikonzeni. Pobwera ndidzatchula mmodzi wotenga garajayi, chifukwa atatu inu simungayendetse, mungaphane.”

Injini ija anaiphwasula limodzi, nasintha malabala otchinga madzi, naisanjikizanso. Mpaka pamenepo zinthu zinkayenda. Chisokonezo chinayambira pa mabawuti.

Levisoni anawayang'ana akale aja, anawagubuduza patebulo, naona kuti atopa. Osauza munthu, anapita ku Limbe kwa mkulu wina woitanitsa zitsulo ku Joni, nabwera ndi atsopano, onenepa pang'ono, akuda bii. Wogulitsayo anamuuza kuti amenewa amafuna kupaka oyilo m'mazinga ndi kumanga mwamphamvu kuposa akale. Levisoni anachita zomwezo: anapaka oyilo, anakweza muyeso wa sipanala, namanga modumphadumpha, ili mbali iyi linalo mbali inayo, pang'onopang'ono, mpaka onse analira kha. Edina atamufunsa kumene anawatenga, anangoti, “Achemwali, za mabawuti zisiyeni, ndathana nazo.” Mumtima ankati akaulula muyeso watsopanowo, mlongo wake akauza mayi awo kuti nzeruzo n'zake.

Edina yankho limenelo silinamukhalire. Munthu wobisa kumene wagula chinthu, anaganiza, ndiye kuti wagula chonyenga. Lamulungu masana, abale ake ali kumpira, anamasula bawuti limodzi nalipenyetsetsa padzuwa. Pakhosi pake panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Anamasula lachiwiri, linali bwino. Lachitatu linamukayikitsa. Basi, onse amene anawakayikira anawachotsa, nabwezeramo akale a bambo ake, nawamanga pa muyeso wakale umene bambo akewo anamuphunzitsa. “Awa anafika nawo ku Karonga n'kubwerako,” anadziuza yekha. Sanauze munthu. Ankafuna adzatulutse bawuti long'alukalo mayi ake ali pomwepo, Levisoni adzasowe poyang'ana.

Matiyasi ndiye anali woti adzayendetse pa ulendowo. Iyeyu anali ndi khalidwe loti chilichonse chimene wamanga wina, achigwire yekha. Lolemba m'mamawa, injini isanakwezedwe m'galimoto, anaika sipanala wamba pa bawuti lililonse. Ena anali gwa, ena anali kulola. “Andikonzera,” anatero. “Akufuna ikandifere panjira ine ndili pa chiwongolero, mayi adzati mwana uyu ndi wowononga.” Sipanala yoyezera ija sanaikhulupirire, poti inagona m'kabati ya Levisoni. Anatenga paipi, naiveka pa sipanala wamba kuti chogwirira chitalike, nakoka onse olola aja mpaka dzanja lake linamuuza kuti afanana ndi anzawo. Akale aja anatamuka mwakachetechete, iye namva ngati akhwima. Nayenso anatseka pakamwa.

Tsiku la ulendo galimoto inalira bwino zedi, kulira kwake kuja kokhala ngati njuchi zambiri. A Nambewe anakhala kutsogolo atavala chilundu chatsopano, Levisoni ndi Edina anapanikizana kumbuyo, aliyense akumwetulira zake. Anatuluka m'tauni, anawoloka Shire pa Zalewa. Atayamba kukwera cha ku Phalula, kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkhira ngati shuga wopserera. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako zii.

A Nambewe anadikira m'mbali mwa msewu dzuwa likuwaotcha, mpaka lole ya makala inawamvera chisoni n'kuwanyamula. Anakafika kumudzi anthu akutsuka mbale. Nsalu ya pachiliza inali itavundukulidwa kale, nyimbo zitatha. Mlamu wawo wamkulu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makala ali bii pachilundu chija, nafunsa mokoma, “Alamu, nanga galimoto ya achimwene ija ili kuti?” Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mayi uja sanamangeko bawuti ngakhale limodzi.

Atabwerera ku Ndirande, injini anaitsitsa onse atatu mayi awo atakhala pampando pakhomo pa garaja. Mabawuti atatuluka, ena akuda ena oyera, ena otamuka, lina loduka, panalibenso chobisa.

Levisoni anati, “Mayi, akale aja anali otopa, si awa mukuwaonawa? Akanasiya mmene ndinamangira ine, bwenzi mutafika.”

Edina anatulutsa bawuti lija m'thumba la ovolosi. “Mutafika ndi ili, achimwene? Likanaduka tisanadutse Lunzu. Ine ndinachotsa imfa m'injinimo. Mukanandiyankha nditakufunsani, sindikanagwira kanthu.”

Matiyasi anati, “Ine ndinapeza ena olimba ena ofooka. Mukanakhala inu, mukananyamula mayi anu pa injini yotero? Palibe anandiuza kuti muli mitundu iwiri.”

“Iwe unafunsa ndani?” anatero Levisoni.

“Ndikanafunsa uti, poti wondimasulira anali mmodzi wa inu?”

A Nambewe anawasiya akangane mpaka mawu anawathera. Kenako anati, “Aliyense wa inu anaona chinthu choona, ndipo aliyense anachibisa. Ine ndinachita manyazi pamanda a mwamuna wanga. Komabe ndinanena kuti garajayi ndipereka kwa mmodzi, ndipo sindibweza mawu. Awiri otsalawo akafune kwina.”

Anayang'ana Levisoni, amene anadziwa kuti zitsulo zakale zatha koma anabisa muyeso. Anayang'ana Edina, amene anapeza mng'alu weniweni koma anausunga kuti adzachititse nawo m'bale wake manyazi. Anayang'ana Matiyasi, amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino koma anakhulupirira paipi kuposa abale ake.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, khalani pampando wa a Nambewe. Ana ndi anu onse atatu, garaja ndi imodzi, ndipo mawa m'mawa makasitomala afika. Mupereka kwa yani, ndipo awiri enawo muwauza kuti analakwa chiyani choposa mnzawoyo?