Nyumba ya Pakati pa Bango

M'chaka cha 1955, Filipo anatsika kumapiri a Ngauma kukakhala chikamwini kwa mkazi wake Anastaziya, m'chigwa cha kufupi ndi Mitande. Anabwera ndi nkhwangwa, mbewu ya fodya m'kansalu, ndi mutu wosamva kamodzi. Atakhala miyezi itatu khomo lake litayang'anana ndi la apongozi, anaona kuti ngakhale kutsokomola kwake kunali ndi mboni. Anayamba kufunafuna malo akeake.

Anawapeza mu Seputembala, dziko litauma gwa. Kumunsi kwa mudzi, kutali ndithu ndi mtsinje, kunali kamzere kobiriwira ngati wina amakathirira: mitengo ya katope itandandalika, kanjedza m'mbali mwake, pakati bango lothithikana. Kwawo kumapiri, malo obiriwira m'chilimwe anthu amalimbirana. Anayamba kugwetsa mitengo, akudabwa ndi ulesi wa eni dziko.

Tsiku lachitatu panadutsa Che Abudo, Myao amene ankakumba miyala yoyera ya m'chigwamo n'kumaiwotcha m'ng'anjo kuti ikhale njereza yopakira nyumba za ku Mandimba.

"Achimwene, mukulima kapena mukumanga?" anafunsa Abudo.

"Zonse ziwiri."

"Kulima limani, kugona ayi. Uko kuli misangu ndi tsekera ndiko kogona anthu. Apo pali nsenjere ndi pa khasu. Koma pamene katope, kanjedza ndi bango zandondozana ngati anthu opita kumaliro, imeneyo ndi njira ya mwini wake."

"Mwini wake ndani? Mtsinje suli uko?"

"Uli uko lero. Ndili wamng'ono unkadutsa pomwe mwaimapo, kenako unalowa pansi. Miyala iyi ndaikumba zaka makumi awiri, m'kati mwake ndi mphako zokhazokha, madzi amaidya. Inuyo mukuganiza kuti bango ili likumwa chiyani mwezi uno?"

Filipo anaseka. "Ngati unalowa pansi, ugone komweko. Ine sindiopa udzu, Che Abudo."

"Udzu suluma," anatero Abudo akusenza dengu lake. "Umangonena."

Nyumba inamangidwa. Mitengo yonse inagwa kupatula katope mmodzi, amene Anastaziya anachita kumupempherera chifukwa anali ndi pakati ndipo ankalakalaka zipatso zake. Abudo anabweretsa njereza yaulere, nati, "Pakani, kuti izioneka patali." Filipo anathokoza, osadziwa ngati wapatsidwa mphatso kapena watukwanidwa.

Mwana wawo Elena anabadwa mvula zoyamba zitagwa, ndipo ndi pamene malowo anayamba kulankhula. Tsiku lina Anastaziya akusinja pabwalo, anaimitsa munsi m'mwamba.

"Bambo a Elena, tabwerani mumve."

Anagunda kamodzi. Pansi panayankha, du, ngati ng'oma yokwiriridwa.

"Mtondo wako ndi wong'aluka," anatero Filipo. Koma mawuwo anawamva m'mapazi, osati m'makutu.

Chitsime chimene anakumba kuseri chinkadzaza ndi kuphwa chokha, kopanda mvula. Kenako anapeza mphukira za bango zitaboola dothi lozira m'nyumba, pansi penipeni pa mphasa ya mwana. Anazizula. M'mawa mwake zinatulukanso, zakuthwa ngati mano. Kuyambira pamenepo ankadzuka mkazi wake asanadzuke, n'kuzizula, n'kukazitaya kutali. Mantha anali atamulowa m'mafupa, koma akaganiza zokagogoda kwa apongozi mphasa ili kumutu, manyazi ankakula kuposa mantha.

Mu Febuluwale, mitambo yakuda inakhala pamapiri a Ngauma masiku atatu, pamene m'chigwa dzuwa linkaswa mtengo. Tsiku lachinayi masana, Filipo anali m'munda wa thonje umene boma linkakakamiza banja lililonse kulima, kapitawo wa thonje akuyendera mizere. Anamva kulindima ngati galimoto yopita ku Cuamba. Anayang'ana kumsewu, kunalibe fumbi. Kulindimako kunali pansi pa mapazi ake.

Anataya khasu n'kuthamanga, kapitawo akukuwa m'mbuyo. Atafika pamtunda wa misangu, anaona madzi okhaokha kumunsi. Madzi sanachokere kumtsinje ayi. Ankatumphuka m'nthaka, m'chitsime, pabwalo, pakhomo, oyera ngati otsukira mphale, n'kumathamanga motsata mzere uja wa zitsa. Nyumba yoyerayo inkaonekadi patali. Inapendama pang'ono, ngati munthu wofuna kumva bwino, kenako inayamba kutsika pansi ili chiimire. Denga linazungulira kamodzi, n'kusowa.

"Anastaziya!"

Anangoona nsalu yofiira pa katope yekhayo uja. Mkazi wake anali atakumbatira thunthu, madzi ali m'chiuno, mwana atamukwezera pakhosi. Pakati pa Filipo ndi mtengowo panali madzi owira, ndipo penapake pansi pawo panali dzenje lomwe linameza nyumba.

Abudo anafika wefuwefu ndi chingwe chokokera miyala. Anamanga Filipo m'chiuno, mbali ina pamsangu.

"Musaponde pamene munalambula bwino," anatero. "Fufuzani zitsa ndi phazi. Pali mizu ya katope, nthaka yagwira."

Filipo analowa. Phazi loyamba linapeza chitsa. Lachiwiri silinapeze kanthu, ndipo madzi anamukoka mwendo ngati dzanja lozizira, mpaka chingwe chinamuluma m'nthiti. Anafufuzanso, napeza chitsa china. Anayenda choncho, chitsa ndi chitsa, akupempha chipulumutso kwa mitengo yomwe anaigwetsa yekha. Atafika, zala za Anastaziya zinali zitauma pa khungwa, anachita kuzimasula chimodzichimodzi. Mwana anali zii, maso otseka.

Pobwerera Abudo ndi anthu amene anathamangira phokosolo anawakoka onse atatu. Atafika pouma, Anastaziya anamasula mwana n'kumugwedeza. Kenako Elena anasanza madzi oyera, nalira.

Anastaziya anatembenukira kwa Filipo.

"Bango lija munkazula pansi pa mphasa ya mwana," anatero motsitsa mawu, "ndinkakuonani m'mawa uliwonse. Ndinkadikira kuti munene nokha."

Madzulo ake anakagogoda kwa apongozi, opanda ngakhale mphasa yoti asenze. Apongozi anatsegula chitseko n'kuwayalira mphasa.

Chilimwe chitafika, pamalo paja panatsala dziwe lozungulira, losaphwa, lomwe nsungwi yaitali sinkafika pansi pake. Bango linabwerera m'mbali mwake, zitsa za katope zinaphukira, kanjedza naye anadzuka pamzere wake wakale. Filipo anamanga kumisangu, ndipo asanazike mtengo woyamba anatenga munsi wa mkazi wake, nagunda pansi katatu, khutu lili tcheru. Anali ataphunzira mochedwa zimene bango linkanena kuyambira tsiku loyamba, kuti madzi saiwala khwawa.