Apongozi Pachikepe cha Lole

Kugalaja ankamutchula kuti Phuliphuli, chifukwa lole yake inkawala kuposa mbale za m'nyumba mwake. Ntchito yake inali yosamutsa anthu, ndipo kumbuyo kwa loleyo kunali chikepe, chitsulo chafulati chimene chimatsika pansi n'kukwera ndi kabati kapena firiji, munthu akangodina batani. Chikepecho chinali ndi batire lakelake, losiyana ndi loliza injini. Loweruka lililonse Phuliphuli ankalitsuka ndi madzi otentha, n'kulipukuta, n'kulipaka mafuta ngati khanda.

Tsiku lina makaniko, atatha kusintha oyilo, analiyeza batirelo n'kupukusa mutu.

"Achimwene, nkhalamba iyi yatopa. Zaka zisanu si masewera. Tiichotse lero, lole ikadali pano."

"Yatopa pati? Taonani kuwala kwake. Mungametere ndevu pamenepa."

"Ngakhale mtembo amausambitsa, achimwene."

Phuliphuli anadina batani. Chikepe chopanda kanthu chinakwera myaa.

"Mtembo wanu uja ndi umenewu? Inu amakaniko mukaona chinthu chamoyo, m'manja mumayabwa."

"Chopanda katundu chingakwere ngakhale ndi batire la tochi. Kwezanipo cholemera muone."

Koma mwini lole anali atakhala kale pachiwongolero.

Kunyumba kunali nkhani ina. Apongozi ake, mayi wa thupi ndithu ndiponso wa pakamwa pakuthwa, anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno ndipo sakanathanso kukhala okha. Mkazi wake anawanyengerera miyezi itatu kuti asamukire kwa iwo, mpaka anavomera monyinyirika.

"Mukuwadziwa amayi," anatero mkaziyo. "Akakhumudwa pang'ono, sabwera. Ndipo akapanda kubwera kuno, ine ndikakhala komweko. Musadzati sindinanene."

M'mawa wa tsiku losamuka, anthu oyandikana ndi apongoziwo anadzaza pakhomo pawo kudzatsazika. Chikepe chinakweza bedi, chinakweza kabati, koma chikubuula. Phuliphuli anati n'kuchepa kwa girisi chabe. Anatsala apongozi. Kutsogolo sakanakwera, masitepe ngotalika, komanso ankafuna kuyenda diso lili pa mbale zawo. Choncho anawakhazika pampando wawo wa ndalema, n'kuwaika pachikepe, chikwama chili pamiyendo.

"Gwiritsitsani, amayi. Mufika ngati bwana."

Chikepe chinanyamuka, chinafika m'chiuno mwa munthu, chinati khotyo, n'kuima. Phuliphuli anadina batani la m'mwamba. Zii. Anadina la pansi. Zii. Anathamanga kukaliza injini, koma batire lovundalo linkangomeza moto wonse osabweza kanthu. Utsi wokha ndiwo unafika kwa apongozi.

"Akamwini," anatero mayiwo akutsokomola, "mwandiika pano kuti mundigulitse, kapena mukundiwamba?"

"Mphindi imodzi, amayi."

Amuna anayi anadzipereka kuti awanyamule. Mayiwo anakweza ndodo.

"Wondikhudza aona. Ndine thumba la simenti ine? Adokotala anati chiuno ichi chisagwedezeke. Amene wandikweza ndi makina anditsitse ndi makina."

Dzuwa linakwera. Wina anawapatsira ambulera, wina kapu ya madzi. Odutsa mumsewu ankaima, mafoni m'mwamba. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo anati sanaganizepo kuti mnzakeyo adzayamba ulendo wakumwamba iye akuona, n'kukathera panjira. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mkazi wa Phuliphuli yekha ndiye sanaseke.

Patatha maola awiri makaniko anafika panjinga yamoto, batire latsopano atalimangirira kumbuyo. Anamasula lakale lija, n'kutsegula tizivindikiro take, n'kuitana mwini wake kuti asuzumire. M'kati munali gwaa, zitsulo zitanyenyeka ngati bisiketi wonyowa. Atalumikiza latsopano, chikepe chinadzuka.

"Tikweze, amayi?" anafunsa Phuliphuli, mawu ali pansi.

"Pansi. Ndipo kabati yanga ibwerere pamene munaipeza. Munthu wolephera kundifikitsa m'lole mwake, angandifikitse kuchipatala?"

Katundu yense anabwerera m'nyumba. Mkazi wa Phuliphuli anasesa, anawagoneka mayi ake, kenako anatuluka kudzaima pakhomo.

"Mawa mundibweretsere zovala zanga ndi makina osokera. Zimenezo n'zopepuka, mukhoza kunyamula pamanja."

Mpaka lero Phuliphuli amadziphikira yekha, ndipo Lamlungu amapita kukaona mkazi wake, n'kukhala pakhonde ngati mlendo. Sitingamuweruze kwambiri, pakuti ulesi analibe. Chinthucho ankachisamaladi, kungoti ankasamala mbali yooneka ndi maso. Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.