Denga Lomwe Linaima Pakati

Ku Luchenza kunali munthu wina amene anali ndi galimoto yotsekuka denga. Ukadina batani, denga limadzipinda lokha n'kukagona kumbuyo. Ukadinanso, limadzuka n'kutseka. Silinkayenda ndi matsenga ayi, abale anga. Mkatimo munali pampu yokankha mafuta m'timapaipi toonda ngati udzu, ndipo mafutawo ndi amene ankanyamula zitsulo zonse za dengalo.

Mayi ake a munthuyu anagonekedwa m'chipatala ku Blantyre nyengo yaitali, akudwala chifuwa. Tsiku lotuluka, adokotala anamuchenjeza kuti gogoyu asanyowe ndipo asazizidwe, chifukwa matenda akabwereranso sadzapirira. Munthu uja anawakhazika mayi akewo pampando wakutsogolo n'kuwafunditsa bulangeti. Ali m'njira, mayi aja anati, "Mwana wanga, tanditsekulire pamwambapa. Ndatopa n'kuyang'ana siling'i ya m'chipatala, ndione kumwamba."

Ndani angakanize mayi ake chinthu chotere? Dzuwa linali likuwala bwino. Anatsekula, mayiwo n'kumangoyang'ana mitambo, misozi ikutsika.

Koma mvula ya ku Thyolo mukuidziwa, siodira. Atafika m'minda ya tiyi kunada bii, mphepo n'kuyamba kuzizira. Munthu uja anaima pambali pa msewu, pomwe anyamata amagulitsa nthochi, n'kudina batani. Denga linadzuka, linafika pakati, n'kuima njo. Anadinanso. Pampu inangolira ngati udzudzu. Atasuzumira kunsi anaona mafuta akudontha, kapaipi kamodzi katang'aluka. Mafuta otsalawo anali ochepa moti sakanatha kukankha denga, komabe anali atatsekeredwa mkati, atagwira zitsulo zija gwa.

Madontho oyamba anagwa pa bulangeti la mayi ake.

Anyamata a nthochi anathamangira. "Bwana, tikankhe, tilipo ambiri!" Anagwira uku ndi uku, anakankha mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Denga osasuntha, koma zitsulo zinayamba kulira ngati zithyoka. Zikanapindika, dengalo silikanatsekekanso, ndipo gogoyo akanavumbwa mpaka kunyumba.

Munthu uja anaimbira foni makaniko wake. Makanikoyo anati, "Auzeni asiye kukankha. Kuseri kwa mpando wakumbuyo, papampupo, pali kachitsulo kakang'ono kopotokola. Kamasuleni, mafuta asiye kugwira, denga lithe mphamvu."

"Lithe mphamvu? Inetu ndikufuna mphamvu, achimwene. Mayi anga akunyowa kuno."

"Mphamvu imeneyo ndi imene ikukutsekerezani. Masulani."

Taganizani, okondedwa. Mvula ikuwaza, mayi akutsokomola, anyamata akudikira kuti angowauza akankhenso kamodzi, ndipo nzeru zonse za m'mutu mwake zikuti onjeza mphamvu. Iye ankaopa kuti akamasula, chidenga chonsecho chigwera pamutu pa mayi ake. Anagwada pampando, anapapasa mpaka anakapeza kachitsuloko. Anatseka maso n'kupotokola.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wausa moyo.

Denga silinagwe. Linangofewa. Munthu uja analigwira ndi dzanja limodzi, ndipo linamutsatira. Chinthu chomwe chinakanika amuna amphamvu chinatsika pang'onopang'ono, mofatsa, mpaka chinakhudza galasi lakutsogolo n'kutseka. Nthawi yomweyo kumwamba kunatsanula mvula yeniyeni. Anyamata aja anaima pamvulapo kukamwa kuli yasa, osakumbuka n'zothawa. Mkati mwa galimoto mayi aja anali ouma, akumvetsera mvula ikugunda pamwamba pawo. Anangoti, "Mulungu ndi wamkulu, mwanawe."

Ine nkhani imeneyi imandichititsa mantha, mantha abwino. Ambirife tili ngati denga lija. Penapake tinang'aluka kalekale, mphamvu yopita patsogolo tilibenso, koma yotsalayo tikuigwiritsa ntchito youma nayo khosi. Taima pakati. Akazi athu akankha, abusa akankha, anzathu akankha, ife gwa, ndipo amene akunyowa ndi anthu omwe timawakonda.

Mulungu sabwera kudzalimbana nafe, chifukwa akatero tithyoka. Iye amene anayala thambo lonse lija amadikira kuti timasule kanthu kamodzi kokha komwe tagwiritsitsa: mawu oti "ndalakwa", mawu oti "ndalephera, ndithandizeni". Timaopa kuti tikatero tigwa. Sitigwa. Dzanja lake limakhala litatigwira kale, ndipo munthu wofewa amamunyamula mosavuta kukamuika pamalo pake.

Mitambo yada kale pa nyumba zina muno. Masulani lero, mvula isanatsanule.