Tupa wa Malemu Bambo a Kamtedza

Kalekale, tili tonse kodi, kuseri kwa phiri lina kunali mkulu woluka malichero, dzina lake a Kamtedza. Ankayenda chonchi, taonani: mwendo uwu khwee, uwu khwee, dzanja pamsana, n'kuima. "Hiii, ine-e, dziko lino n'lalitali!" Ngakhale popita kuchimbudzi ankatero.

Lichero limafuna nsungwi, nsungwi imafuna mpeni. Wa a Kamtedza unali utatha n'kunola, wangotsala ngati singano. Kukolola kunali pafupi, amayi akufunsa malichero khomo ndi khomo. Ndiye mkuluyo anatenga tupa wakale wa malemu bambo ake, khwee, khwee, tsiku lathunthu, mpaka kwa a Dzoole wosula mipeni, kuti akamusandutse mpeni watsopano.

A Dzoole pakamwa panali pokula kuposa chipala chawo.

"Mwafika kwa mwini moto, akulu! Mpeni wanga umameta ndevu za udzudzu uli mtulo! Bweretsani dzanjalo." Analiyeza ndi luzi, chala ndi chala. "Tupa uyu n'chitsulo chenicheni. Mubwere Lachisanu."

"Mundisamalire, amisiri. N'chokhacho chimene bambo anandisiyira."

Atachoka, a Dzoole anaika tupa pamoto, mvukuto fuu, fuu, fuu! Panjira pakudutsa mlendo. A Dzoole n'kutuluka kukamuuza za luso lawo. Anamuuza, anamuuza, anamuuzabe, mlendo mpaka kukhala pansi. Pobwerera, tupa wapsa mopitirira, mbee, akulavula mbaliwali. Mwa phuma anamuponya m'madzi ozizira. Thee! Zidutswa zitatu.

Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kuseri kunali mgolo wakale wosungira madzi. Anadula chitsulo chake, go, go, go, anachipukuta mpaka waliwali, n'kuikapo chogwirira cha mlombwa. Kukongola kwake, mukanalira!

Lachisanu a Kamtedza anadzatenga mpeniwo, n'kupita nawo kwawo. Nsungwi yoyamba, mpeni pindikiti ngati tsamba la nthochi. Khwee, khwee, anabwerera.

"Amisiri, ukupinda."

"Nsungwi zanu n'zouma, akulu. Kaziviikeni."

Anaziviika masiku atatu. Mpeni pindikiti. Khwee, khwee.

"Amisiri, ukupindabe."

"Mwala wanu wonolera ndi wabodza. Kafuneni wakumtsinje."

Anakasenza mwala kumtsinje, msana uli gwedegwede. Ananola, ananola, ananola. Mpeni pindikiti. Khwee, khwee.

Tsopano a Dzoole zonena zinawathera. Anagwira dzanja la mkulu uja, kulitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu ngati sing'anga.

"Chitsulo cha bambo anu sichinama, akulu. Ndi dzanjali. Latha. Mwakalamba."

A Kamtedza anangoliyang'ana dzanja lawo lija, n'kunyamuka.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe. Amayi anakagula malichero kwina. A Dzoole anati basi, nkhalamba ija yatopa, ndapuma ine. Koma m'mawa wina akuwotha dzuwa, anangomva kumsewu, khwee, khwee. Mtima phaa!

"Akulu, ngati ndi za mpeni..."

"Iyayi amisiri, sindinabwerere milandu. Ndabwera kudzathokoza." Anakhala pansi pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati chitseko. "Ana anga amandinamiza kuti ndikadali ndi mphamvu. Inu nokha mwandiuza zoona. Kuluka ndasiya. Nsungwi zonse ndapatsa omanga khola."

"Ee, zimachitika," anatero a Dzoole, mawu ang'onong'ono ngati a kamwanapiye.

"Mpeni uwu mupatse munthu wa manja. Chitsulo cha bambo chisafere kwa nkhalamba."

Atatero anauika pansi, n'kugwada, anthu inu, kugwada mkulu wa imvi! Anaomba m'manja katatu.

"Bambo, pepani. Munandiphunzitsa bwino, ine ndakuchititsani manyazi. Zaka makumi asanu ndaluka, lero chitsulo chanu chikundikana. Pepani bambo, pepani."

A Dzoole anakanda m'mutu, anakanda m'khosi, anakanda pamene sipankayabwa. Munthu amene ankalankhula mpaka mbuzi kugona, lero ntchito n'kudzikanda! Mkulu uja akupukuta misozi ndi chipewa.

"Dzukani akulu."

"Ndisiyeni ndimalize ndi bambo anga."

"Si bambo anu amenewo!" A Dzoole anakuwa mpaka nkhuku kubalalika. "Tupa ndinathyola ndine, tsiku lomwelija! Dzanja lanu lilibe mlandu. Uwo ndi mgolo!"

A Kamtedza anayang'ana mpeni uja, akadali chigwadire.

"Hiii. Ndiye ine ndimapepesa mgolo?"

Mwamvatu. Ukaononga chinthu cha mwini, nena lomwelo akadali pakhomo. Chitsulo chimasulidwa china, koma ukamuuza munthu kuti watha, amakakhaladi pansi.

Yanga yazima pamenepa ngati khala logwera m'madzi. Wotsatira akoleze yake.