Sikirini Yaitali ya Aloysius

Pa Chamama, kuseri kwa mzere wa magolosale, panali kachipinda ka malata kamene anyamata ankangokatchula kuti kwa Alo. Mwini wake anali Aloysius Nkhoma, mlimi wa fodya wa bale. Dzinja lonse ankalithera m'munda, koma fodya akangolowa m'chigafa ankatsegula kachipindako n'kuyamba kuseweretsa anthu mpira wa pa gemu. M'katimo munali makina a gemu, mapadi awiri ogwirira posewera, mabenchi m'mbali zonse, ndi sikirini yathyathyathya yokhomedwa pakhoma. Pakhomo pankakhala mkazi wake Lefina ndi beseni la zitumbuwa.

Sikiriniyo sinali yodabwitsa, koma inali yokhulupirika. Wokhala kutsogolo, wokhala pakona, ngakhale wosuzumira pazenera chifukwa chosowa malo, onse ankauona mpira bwinobwino. Pa sikirini imeneyi ndi pomwe anaphunzirira Yobu, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, amene zala zake zikagwira padi anthu ankasiya kutafuna. Chamama yonse inkamunyadira Yobu, ndipo Aloysius ankayenda chifuwa chili patsogolo ngati anam'bereka ndi iye.

Tinene zoona, Aloysius anali munthu wabwino, wosaumira, wokonda kwawo kuposa chilichonse. Chilema chake chinali chimodzi: chipongwe sankachimeza. Ukamuseka lero, mawa agulitsa ndi nsapato zomwe kuti akuonetse.

Tsono Chamama ndi Mtunthama ndi pachibale, amakwatirana, amaikana maliro, koma pa mpira chibale chimayamba chapuma. Ulendo wapitawo anyamata a pa Chamama anakagonja ku Mtunthama, ndipo anagwirizana kuti mpikisano wobwereza udzachitikire kwa Alo mu Juni, ndalama za fodya zikadali zofunda m'matumba. Wobwera kudzamanga tsikulo anali Goodness, wokonza makompyuta ndi mafoni pa Mtunthama, amenenso ankatsogolera timu ya kumeneko. Atalowa anayang'ana pakhoma, nayang'ananso anzake.

"Ndiye tidzasewerera pa kawindo aka, achimwene?" anafunsa Goodness akumwetulira. "Mutiuziretu, tidzabwereke magalasi a agogo."

Anthu anaseka, ndi a pa Chamama omwe anaseka nawo. Goodness ankangocheza, ndipo pofika pa depoti anali ataiwala kale. Koma kwa Aloysius mawuwo analowa ngati munga wa kuphazi, woti nthawi iliyonse ukaponda umakukumbutsa.

Tsiku lomwelo anaimbira msuweni wake amene amagwira ntchito ku Joni. Msuweniyo anapita m'sitolo n'kuyamba kumutumizira zithunzi za masikirini pafoni. Ina inali ya 4K, timadontho take topanga chithunzi tochuluka moti ungawerenge udzu wa pabwalo. Ina inali yocheperapo koma yachangu, yoti wosewera akathamanga sasiya mthunzi kumbuyo. Yachitatu inali yaitali m'mbali, yopindika ngati uta, pa bokosi pake palembedwa 21:9. Aloysius anazisanja m'mutu mwake monga amasanjira fodya. Pa okushoni, tsamba lalitali ndi lomwe limaimitsa wogula. Anakafufuza bokosi la sikirini yake yakale n'kupeza palembedwa 16:9, ndipo mlandu unathera pomwepo, pakuti ndi mwana wa sitandade wani yemwe amadziwa kuti 21 amaposa 16.

"Koma asuweni, mudzalumikizako chiyani kumeneko?" anafunsa wa ku Joni uja.

"Iwe tumiza. Zolumikiza ndi zanga," anayankha Aloysius.

Mabelo ake a fodya anali atayenda bwino ku okushoni ya ku Chinkhoma chaka chimenecho, choncho kugula sikunavute. Chimene chinabwera pambuyo pake ndicho chinadabwitsa Lefina. Tsidya lina la msewu kunali Che Usumani, wamalonda wa zitsulo ndi zipangizo za njinga, amene anali ndi chipinda chachikulu kuseri kwa sitolo yawo. Kwa nthawi yaitali ankafuna sikirini yoonetsera mpira wa kunja m'chipindamo. Aloysius anaganiza zowagulitsa yake yakale nthawi yomweyo, katundu watsopano akadali pamsewu.

"Bambo a Sellah," anatero Lefina akukhuthula zitumbuwa m'mafuta, "ine za masikirini sindizidziwa. Koma iyi ili pakhomayi ndaiona ndi maso anga ikuyaka. Inayo mwangoiona pafoni. Idikireni ifike, iyake m'nyumba muno, kenako mugulitse yakaleyi."

"Iwe umadziwa zitumbuwa," anayankha Aloysius. "Ukufuna a ku Mtunthama adzapeze kawindo kaja kakadali m'nyumba mwanga?"

Ngakhale Che Usumani, amene phindu linali lawo, anayesa kumubweza. "Alo, mphwanga, ine sindikuthamangira kulikonse. Tigwirizane lero, koma ikhale kwanu mpaka yatsopanoyo ifike. Malonda sawola."

"Ayi Che Usumani, khoma langa lipume. Likudikira mlendo wolemera."

Anaizula yekha, naisenza yekha kuwoloka msewu masanasana kuti aliyense aone kuti mwamuna sakayika. Che Usumani anaitanitsa wowotcherera zitsulo, ndipo sikiriniyo inatsekeredwa m'khola lachitsulo pakhoma, kuopa akuba. Atabwerera kwake, Aloysius anatenga choko n'kujambula pakhoma lopanda kanthulo kutalika kwa sikirini imene inkabwera. Anyamata ankabwera kudzaona chokocho, ena n'kumayeza ndi mikono, n'kutuluka akupukusa mitu. Gemu inaima, zitumbuwa zinayamba kugona m'beseni, Yobu ankangosewera bawo pansi pa mtengo kudikira makasitomala. Koma mbiri inafika mpaka ku Kapelula kuti kwa Alo kukubwera chinthu chimene boma lonse la Kasungu silinachionepo.

Ndipo chinabweradi. Lachisanu, mpikisano uli mawa lake, galimoto ya ku Joni inatsitsa bokosi pa boma, ndipo Yobu analimangirira kumbuyo kwa njinga yake chopingasa, akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mayi wodwala. Polowa pa Chamama anzake a kabaza anamuchingamira akuliza mahutala. Amayi a pamsika anasiya tomato n'kuimirira. Aloysius anayenda patsogolo pa njingayo atavala jekete la ku tchalitchi, ndipo tsiku limenelo, tisanamizane, tonse a pa Chamama tinamva kukula. Atatsegula bokosi, chinthucho chinali chokongoladi, chakuda bii, chonyezimira, chopindika mwaulemu.

"Tiyeseni lero, bwana, ndizolowere maso," anapempha Yobu.

"Yesanitu, bambo a Sellah," anawonjezera Lefina.

Aloysius anakana. Anati oyamba kuiona ikuyaka akhale a ku Mtunthama, kuti kuseka kuja akumeze pamaso pa anthu. Anaikhoma pakhoma, n'kuiphimba ndi chitenje chatsopano cha mkazi wake.

Loweruka masana m'kachipindamo munalibe poponda. Alimi amene moyo wawo wonse sanagwirepo padi anabwera kudzaona, ena atachokera ku Kapelula pa njinga zakapalasa. A ku Mtunthama anafika pa lole, akuimba. Aloysius analankhula mawu ochepa olandira alendo, natembenukira kwa Goodness.

"Achimwene, magalasi a agogo aja mwabwera nawo? Abwezeni m'thumba."

Anakoka chitenje, anthu anafuula, ndipo Goodness yemwe anagwira pakamwa. Aloysius analumikiza makina a gemu n'kuyatsa. Bwalo lobiriwira linadzaza khoma kuchokera uku mpaka uko. Kenako osewera anatulukira.

Anali afupiafupi, onenepa ngati adyera ku ukwati sabata yonse. Mpira unali ngati dzira. Goloboyi anali wotambalala moti anthu anadabwa kuti chigoli chidzalowera pati. Mkulu wina wa ku Kapelula anafunsa mokweza, mosanyoza konse, ngati amenewa anali osewera mpira kapena mabwana a kampani ya fodya. Apo ndiye kuseka kunaphulika, ndipo a ku Mtunthama ena anachita kutuluka panja kukagwira nthiti.

Goodness sanaseke nthawi yaitali. Anapempha kuti aione, nadina mabatani a kunsi kwa sikiriniyo. Osewera anabwerera m'matupi awo, mpira unakhalanso wozungulira, koma chithunzi chinakhwinyata n'kukhala pakati pokha. Kumanja mdima, kumanzere mdima. Chotsalacho chinali chocheperapo kuyerekeza ndi kawindo kaja.

"Achimwene, musaiderere, iyi ndi sikirini yapamwamba. Ine sindinagwirepo yotere," anatero Goodness motsitsa mawu. "Koma anaipangira kompyuta, ndi munthu mmodzi wokhala pakatikati penipeni. Makina anuwa amatulutsa chithunzi cha 16:9 basi. Mukachikoka kuti chidzaze, anthu anenepa. Mukachisiya, m'mbalimu mukhala mdima. Palibe batani lina."

Okhala pa mabenchi a m'mbali anali atayamba kale kudandaula, chifukwa kupindika kuja kunkawabisira theka la bwalo. Akumbuyo ankati sakuona mpira. Mmodzi wa ku Mtunthama anaimirira n'kunena kuti mwini bwalo akalephera kukonza bwalo, alendo amapita kwawo ndi chipambano. Anzake anavomera, ena n'kuyamba kulowera ku lole.

Aloysius anaima pafupi ndi khoma lake, thukuta likutsika m'jekete ngakhale kunja kunkawomba mphepo ya Juni. Anamva manyazi oti bwenzi nthaka itang'ambika. Anayang'ana Lefina, ndipo Lefina anangowerama n'kumakonza nsalu ya pa beseni. Anayang'ana Yobu, amene anakhala padi ili m'manja, maso ali pansi. Mnyamatayo anali atadikira miyezi kuti abweze chipongwe cha ku Mtunthama, ndipo tsopano Chamama inkagonja kachiwiri mpira usanagundidwe n'komwe.

Apa mpomwe ndimamupatsira ulemu Aloysius. Akanatha kutseka chitseko n'kunamizira magetsi, kapena kunyoza msuweni wake wa ku Joni. M'malo mwake anavula jekete, natuluka, nawoloka msewu anthu onse akumuyang'ana.

"Che Usumani, ndabwera. Ndibwerekeni ija, madzulo ndibweza."

"Mphwanga, ndikanakupatsani ndi manja awiri," anayankha Che Usumani, "koma mwaona nokha, anaiwotcherera. Kuti ituluke ndiye tigumule khoma. Bweretsani anthu anu kuno. Chipinda chilipo, ndipo lero palibe wolipira pakhomo."

Aloysius anabwerera, nazula makina ake a gemu, nawakumbatira pachifuwa pamodzi ndi mawaya. Anaima pakhomo n'kukweza mawu. "A ku Mtunthama, tsikani m'lolemo! Pa Chamama mlendo sabwerera osadya. Bwalo lili tsidya ilo." Gulu lonse linamutsatira, mabenchi ali pamitu.

Mpira umene unaseweredwa masana amenewo anthu amaukambabe. Ndime zoyamba anagawana, uku apambana, uku agonja, mpaka zonse zinatsalira pa Yobu ndi Goodness. Goodness anayamba kugoletsa, a ku Mtunthama n'kuyamba nyimbo. Yobu sanatekeseke. Anabweza nthawi yopuma isanakwane, ndipo chakumapeto anadutsa anthu atatu n'kuponya mpira pakona pomwe goloboyi sakanafika ngakhale akananenepa ngati poyamba paja. Malata a Che Usumani anatsala pang'ono kuuluka. Wa pakona anaona, wa pazenera anaona, ndipo amene anakuwa kuposa onse anali Aloysius, mpaka mawu anamuthera. Aloysius yemweyo anamunyamula Yobu pamapewa n'kuzungulira naye msika, misozi ikutuluka, osachita nayo manyazi.

Pokwera lole, Goodness anagwira chanza Che Usumani ndi manja awiri. "Bambo, malo anu ndi abwino, ndipo sikirini yanu ndi yooneka bwino. Chaka chamawa tidzabwera konkuno." Anyamata a pa Chamama anavomera ndi m'manja, ndipo pofika Lolemba nkhani inali ponseponse kuti Chamama yakwapula Mtunthama kwa Che Usumani. Dzina la kwa Alo silinamveke m'nkhaniyo. Loweruka lotsatira Lefina ananyamula beseni lake n'kukakhala tsidya lina la msewu, chifukwa zitumbuwa zimatsata anthu.

Aloysius anatsala m'kachipinda kake ndi sikirini yokongola kuposa zonse m'boma la Kasungu, atakhala yekha pakatikati penipeni, monga anaipangira eni ake. Sitimuseka kwambiri, chifukwa ndi iye anatipulumutsira tsiku lija. Koma kuno kwathu, kumene ndi mwana yemwe amadziwa fungo la fodya, akuluakulu ananena kalekale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.